Ndinawasokera goli limodzi, tsopano Sajeni sakudya

Aphungu,

Ine makalata sindidziwa kulemba. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo cholemberachi ndabwereka kwa mnzanga wometa tsitsi, woyandikana naye khomo. Pomwe ndalakwitsa mukonze nokha, ndiyo ntchito yanu imeneyo. Yanga ndi yosoka nsapato. Ndimakhala pakhonde la nyumba yanga, lomwe layang'ana kumsewu, pa benchi lomwelomwelo kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Nkhani yanga ndi ya galu. Musaseke. Anzanga amakulemberani za amuna othawa mabanja ndi akazi osamva, ine ndabwera ndi galu, koma ndikukuuzani zoona, ndatopa kuposa onsewo.

Galu wanga dzina lake ndi Sajeni. Ndinamutcha choncho chifukwa pa unyamata wake ankayenda mowongoka ngati ali pa pelete, ndipo aliyense wobwera kudzasoketsa nsapato, iye ankayamba kaye wamununkhiza mapazi asanamulole kukhala. Pano wakalamba. Kukamwa kwayera ndi imvi, makutu anatseka, ndipo akafuna kudzuka amayamba ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo imabwera pambuyo itaganizaganiza kaye. Malo ake ndi pansi pa benchi langa, pa chijasi changa chakale chong'ambika kumsana. Ndikamakhoma msomali amatsinzina diso limodzi, ndikasiya amalitsegula. Kumva samva, koma benchi likagwedezeka amadziwa. Takhala choncho zaka zambiri osayambana.

Mwezi watha ndinaona zamanyazi. Masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndinalowa m'nyumba kukamwa tiyi, wina n'kudutsa n'kunyamula thumba lonse la nsapato za eni zomwe ndinali nditamaliza. Sajeni anali pomwepo, akuliza mkonono. Wometa uja anaseka mpaka kugwira khoma. Amvekere, "Achimwene, galu wanu anapuma pantchito osakuuzani. Mwina wakubayo anamuponda mchira, iye n'kupepesa." Ndinaseka nawo, nanga n'kutani, koma mumtima munandiwawa.

Ndili ndi mwana wamkazi, namwino, amakhala kutali pang'ono ndi banja lake. Atamva za thumbalo anabwera ndi katoni. M'katonimo munali kagalu kofiirira, makutu ogwa, kamimba kali tolotolo. Iye anakatcha Shuga. Ine ndimati Kamsomali, chifukwa mano ake ali ngati timisomali tanga ta nsapato, ndipo kamaluma chilichonse, ulusi wanga wa phula, zala za makasitomala, ngakhale mwendo wa benchi. Mwana wangayo anati, "Ababa, Sajeni ntchito yake wagwira, yatha. Aka kakule, kaphunzire, kalowe m'malo." Sanandifunse. Ana a masiku ano safunsa, amangokuuza ngati akukumwetsa mankhwala.

Akazi anga nawo anangokakonda pomwepo. Anakanyamula ngati khanda, n'kukagoneka pa chijasi cha Sajeni pansi pa benchi, ati m'pofunda pamenepo. M'mbale yachitsulo ya Sajeni anakathirira mkaka. Sajeni anatulukira kuchokera kuseri, n'kuima. Anayang'ana kagaluko, n'kuyang'ana ine. Sanauwe. Anangotembenuka n'kukagona pa simenti, pafupi ndi mpopi wa madzi.

Ine sindine munthu wongopinda manja. Ndisanaphunzire za nsapato, ndili mnyamata, ndinkayendetsa ngolo ya malume anga, ndipo ndimadziwa mmene ng'ombe yaing'ono imaphunzirira ntchito. Umaimanga pa goli limodzi ndi yaikulu. Ikafuna kuthamanga yaikulu imaibweza, ikakana kuyenda yaikulu imaikoka. Posakhalitsa zimayenda ngati mapasa. Ndiye ndinati, chiweto ndi chiweto. Ndinatenga malamba awiri akale omwe eni ake anaiwala kudzatenga, n'kusoka makolala awiri, n'kuwalumikiza ndi chikopa chachifupi, ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala. Ntchito yabwino, Aphungu, ulusi wapawiri, ngakhale mutakoka ndi galimoto siingaduke. Ndinkawamanga agalu onse awiri m'mawa, kuwamasula madzulo, kuti Sajeni aphunzitse kamwanako ulonda komanso kuti azolowerane. Chakudya ndinkawaikira m'mbale imodzi, pakuti odyera pamodzi sadana.

Akazi anga atawona anati, "Abambo, kodi mwayamba kulima ndi agalu?" Wometa anasiya munthu mutu uli mbali imodzi, n'kubwera kudzaonerera. Amvekere, "Mugule ndi ngolo yomwe, achimwene, muzikatula makasitomala kwawo." Ine ndinangopitiriza kusoka. Anthu amene sanagwirepo goli sadziwa kanthu.

Koma sizinayende ngati ng'ombe. Kamsomali sikatopa. Sajeni akagona, iko kamamukwera pamsana, kamamukoka khutu, kamamuluma mchira. Iye akafuna kuchoka, kamabwera nawo, nanga si ndawasokera pamodzi. Anayamba kudzuma pakhosi, mano ali panja. Ine ndinkamumenya pamphuno ndi soli ya nsapato, n'kumuuza kuti wamkulu sadzumira mwana. Nditamumenya kangapo anasiya kudzuma. Ndinati eya, waphunzira. Kenako anasiyanso kudya. Mbale ikabwera amatembenuza mutu, kamwanako n'kumaliza zonse mpaka kunyambita pansi. Akazi anga anati ndi ukalamba. "Inu ndi galu wanuyo mwafanana," anatero, "nonse mukakwiya mumanyanyala chakudya."

Ndiye tsiku lina m'mawa, ine ndikumata soli, ndinangomva kulira. Sajeni waluma Kamsomali pakhutu, khutu lang'ambika, magazi pa simenti. Sanadzume, sanachenjeze, anangoluma basi. Galu amene sanalumepo ngakhale mphaka. Ndinawamasula, akazi anga akundilalatira, kagalu kakulira ngati akukapha.

Zikanathera pomwepo sindikanakuvutitsani. Koma Lamlungu mwana wanga anabwera kudzaona khutulo, ndipo anabwera ndi mdzukulu wanga, kamtsikana koyamba kumene sukulu ya mkaka. Kamtsikanako kamamukonda Sajeni, kanaphunzira kuyenda katagwira ubweya wake. Kanamupeza ali mtulo pa mpopi paja, n'kumuthamangira chakumbuyo n'kumukumbatira m'chiuno. Sajeni anadzidzimuka n'kutembenuka ndi mano. Anang'amba mkono wa diresi. Khungu sanalikhudze, ndinayang'ana ndekha, palibe ngakhale kachizindikiro. Koma mayi wake anaona zonse ataima pakhomo.

Sanakuwe. Akanakuwa zikanakhala bwino. Anangonyamula mwana wake n'kunena motsitsa mawu, "Ababa, ine mabala olumidwa ndi galu ndimawasoka kuchipatala, ndikudziwa mmene nkhope ya mwana imaonekera. Kumapeto kwa mwezi ndibwera ndi dokotala wa ziweto, amubaye jakisoni agone osadzukanso. Mukakana, mwanayu sapondanso pano." Ine pakamwa panga simukupadziwa. Ndinati, "Nanga ine makutu akadzatseka, ndikadzayamba kudzidzimuka, udzabweranso ndi jakisoni?" Anati, "Ababa, musandiike mawu m'kamwa." Misozi inali ikutsika m'masaya mwake. Anakwera galimoto osatsanzika amayi ake, ndipo mpaka lero amayi akewo amandipatsa tiyi osandiyang'ana.

Mwezi ukutha, Aphungu. Sajeni ali pa mpopi pomwe paja, nthiti zikuwerengeka. Amamwa madzi, amanyambita pang'ono zomwe ndamupatsa pamanja, basi. Pansi pa benchi pali Kamsomali ndi khutu lake lomangidwa, kakutafuna chijasi chija. Ndikakhoma msomali palibe wotsinzina diso. Kagaluko sindikudana nako, n'kamwana, sikanapemphe kubwera. Mdzukulu wanganso ndikumufuna, ndilibe wina. Koma kuti ndigwire Sajeni mutu pamene akumubaya, chifukwa cha diresi, manja angawa akukana.

Goli lija ndalipachika pa msomali kaye mpaka khutu lipole. Ndikuganiza kuti mwina ndinalifupikitsa kwambiri. Kodi ndilitalikitse? Kapena galu akakalamba amangosanduka woipa, ndivomereze? Ndiuzeni mosapsatira, ine za chizungu zambiri sindimva.

Ine wotopa,
W.M., wosoka nsapato, khomo loyandikana ndi wometa


Bambo W.M.,

Mwati ndisapsatire, ndiye tamverani. Goli lija musalitalikitse. Silinali lalifupi, linali lolakwika. Ng'ombe za malume anu zinkamangidwa kuti zikoke katundu mmodzi kupita mbali imodzi, ndipo ntchito ikatha munkazimasula iliyonse ikapume payokha. Agalu anuwa munkafuna akoke chiyani? Wina akufuna kugona, wina akufuna kusewera. Tayerekezani akumangirirani m'chiuno kamwana kosatopa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kakukukokani makutu, kakudya m'mbale mwanu, inu msana ukuwawa, ndiye mukati "iwe taleka" wina n'kukumenyani ndi soli pamphuno. Mukanapirira mpaka liti? Sajeni wapirira kuposa mmene ine ndi inu tikanapiririra.

Akale anati galu wamkota sakandira pachabe. Sadzumanso pachabe. Kudzuma ndiko kulankhula kwa galu, ndiye kuti akunena kuti "ndatopa, choka." Kagalu kakang'ono kamaphunzira ulemu pomva mawu amenewo. Inu munamutseka pakamwa, ndipo galu womutseka pakamwa amatsala ndi mano okha. N'chifukwa chake analuma osachenjeza. Sanasanduke woipa. Munamulanda chijasi, mbale, malo ake pamapazi anu, kenako mawu. Sindikukunyozani, mumafuna zabwino, ndipo ulusi wapawiriwo ndaumva. Koma zabwinozo n'zomwe zamuonetsa nthiti.

Ndiye yambani ndi kubweza zomwe munalanda. Chijasi chichapidwe kuti fungo la kagalu lichoke, chikauma muchikhalire inuyo pa benchipo tsiku lathunthu kuti chitenge fungo lanu, kenako chibwerere pansi pa benchi, ndipo pamenepo pakhale pa Sajeni yekha. Kamsomali mukapangire pake, katoni ndi kansalu, kuseri kapena kukhitchini, potchinga ndi thabwa loti sikangadumphe. Mayi akunyumba amakakonda, ndiye akhale mwini wake ndi iwowo, azikasewera nako mpaka katope. Kagalu kotopa ndiko kaulemu.

Mbale ziwiri, malo awiri, asamaonane podya. Sajeni aziyamba ndiye, ndipo mumupatse zofewa, zofunda pang'ono, chifukwa mano a nkhalamba mukuwadziwa nokha. M'mawa mukatuluka, moni woyamba ndi wake. Sikukondera kumeneko, ndi kuuza onse awiri kuti wamkulu pakhomo pano sanachotsedwe udindo.

Akayamba kudya bwino, muwakumanitse ngati alendo, osati pakhonde pomwe anayambanirana. Madzulo kukazizira, inu mugwire chingwe cha Sajeni, mayi agwire cha kagalu, muyende mumsewu wakumbuyo motalikirana, mbali imodzi. Mayi akakana, mukokeni wometayo, pakamwa pake pagwire ntchito ali paulendo. Musawakakamize kununkhizana. Ulendo waufupi, pakuti miyendo yakumbuyo ija imaganizaganiza. Pakhomo azikumana kwa kanthawi inu muli pomwepo, manja opanda nsapato. Sajeni akadzuma, musamukhudze, nyamulani kagaluko mukakaike kwake. Akachoka yekha, musiyeni achoke, galu wokhala ndi kothawira saluma msanga. Zimenezi zimatenga masabata, mwina miyezi. Ndipo musayembekeze kuti adzakhala mapasa. Akamadutsana osayang'anizana, mwapambana.

Tsopano za mdzukulu, apa ndiye mukhale tcheru, chifukwa mwana wanu sakulakwa. Diresi limasokedwa, nkhope ya mwana ikasokedwa chipsera chimatsala. Galu wosamva, ali mtulo, wina n'kumugwira m'chiuno momwe mukumuwawa, amatembenuka ndi mano asanadziwe kuti ndani. Zinachitika kamodzi, zingathe kuchitikanso. Ndiye mwanayo akabwera, Sajeni azikhala kuseri kwa chitseko chotseka, kapena pa chingwe pambali panu. Mwanayo asamuyandikire akugona kapena akudya, ndipo asamukumbatirenso. Nonse pakhomopo muphunzire kuponda pansi mwamphamvu mukamamuyandikira, monga mmene amamvera benchi likagwedezeka, ndipo muzimudzera kutsogolo kuti akuoneni.

Muimbireni foni mwana wanu lero, musadikire kutha kwa mwezi. Musayambe ndi kuteteza galu. Muuzeni za goli, za soli, za mbale imodzi, pakuti ndikukayika ngati akuzidziwa zonse. Muuzeni malamulo a mdzukulu omwe mwaika. Kenako muvomere kuti dokotala wa ziweto abwere ndithu, ndipo abwere msanga, koma ayambe wamuyeza Sajeni mano, makutu ndi chiuno. Galu wosiya kudya sikuti nthawi zonse wanyanyala, mwina dzino lawola, mwina mafupa akumuwawa, ndipo za ululu zilipo zomwe dokotala angamupatse. Musamumwetse mapiritsi anu a msana, ena amapha agalu. Pomwepo aone khutu la kagalu, onse awiri alandire katemera wa chiwewe ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Mwana wanu ndi namwino, akudziwa kuti wodwala amayamba wayezedwa. Mupempheni nthawi, musamulamule.

Funso lija munamufunsa linali lolemera, bambo, ndipo mukudziwa. Iye sanabweretse kagalu kuti akuchotseni pa benchi. Anamva kuti wakuba anafika pakhonde masana, n'kuganiza kuti tsiku lina wakubayo adzapeza inuyo muli pomwepo. Ndi mantha amenewo, si chipongwe. Mawu amodzi opepesa sangakuthyoleni msana. Ndipo thumba la nsapato za eni muzilowa nalo m'nyumba mukamakamwa tiyi. Kamsomali sikalondera kanthu chaka chino, ndipo Sajeni zaulonda anamaliza. Ntchito yomwe yamutsalira ndi yotsinzina diso pamapazi anu, ndipo ndi ntchito yokwanira.

Chenjezo langa ndi ili, ndipo silikoma. Ngati mutachita zonsezi iye n'kumalumabe popanda womuputa, kapena dokotala n'kunena kuti ululu wake ulibenso mankhwala, musamusunge chifukwa choti inuyo mukuopa pansi pa benchi popanda kanthu. Tsiku limenelo mudzamugoneke pa chijasi chake, mutu uli m'manja mwanu, chifukwa manja amenewo ndi omwe amawadziwa. Koma mmene mwafotokozeramu, sindikuona kuti tsikulo lafika. Ndikuona galu wokalamba amene akudikira pa mpopi kuti mwini wake amuitane kwawo.

Golilo musataye, chikopa n'chabwino. Litsitseni pa msomalipo, tengani mpeni wanu wodulira soli, mulidule pakati. Mutsala ndi makolala awiri olimba, aliyense lake. La Sajeni mukamuveke nokha pa mpopi pomwepo, mumudzere kutsogolo, kenako mubwere naye pang'onopang'ono ku benchi.

Aphungu